Mmene mpopi unamerera diso

M'mabwalo a ndege, m'mahotela akuluakulu ndi m'mashopu ena a m'tauni muli mpopi umene wachititsa manyazi anthu ambiri aulemu wawo. Ulibe chogwirira, ulibe popotokola, ulibe podina. Munthu amaima pamenepo nkumausisita, kuumenya pamutu, kuusuzumira kunsi ngati wogula mbuzi pamsika. Ndiye pamene wataya mtima nkutsitsa manja m'sinki, madzi chuu, okha! Akachotsa manja, zii.

Ena amangoti awa ndi matsenga a azungu, basi nkhani yatha. Koma mpopi umenewu uli ndi makolo ake, ndipo makolowo si azungu okhaokha. Ndikalondola mzera wake ndimapeza kuti amisiri akhala akuliimba mlandu dzanja la munthu kwa zaka zikwi ziwiri: ati limaba madzi, limaiwala kutseka, limapsa, ndiponso limanyamula matenda. Aliyense amene anakonza mpopi watsopano ankafuna kulilanda dzanjalo kagawo ka mphamvu zake.

Tiyambe ndi mlandu wa umbombo. Mu mzinda wa Alexandria, ku Egypt, munali katswiri wa masamu ndi makina dzina lake Heron, yemwe anakhalako m'zaka 100 zoyambirira Yesu atabadwa. M'buku lake lotchedwa Pneumatica analongosola chiwiya chogawira madzi oyeretsedwa pakhomo la kachisi. Wopembedza ankaponya ndalama yachitsulo pa kabowo ka pamwamba. Ndalamayo inkagwera pa kambale komangiriridwa ku mtanda wonga wa sikelo, kulemera kwake nkutsitsa mbali imodzi ndi kukweza inayo, imene inkazula chotsekera, madzi nkuyamba kutuluka. Kambale kaja kakapendekeka kwambiri ndalama inkatsetsereka nkugwera m'bokosi, mtanda nkubwerera mwakale, madzi nkuleka. Palibe wansembe woimirira pamenepo, palibe kuchonderera kuti "wonjezerani pang'ono". Amene munatungako pa ma kiyosiki a e-Madzi ku Lilongwe, kumene munthu amagunditsa khadi madzi nkutuluka molingana ndi ndalama zake, dziwani kuti nzeru ya kumeneko ndi mdzukulu wa kambale ka Heron.

Koma amene amandisangalatsa ine ndi mmisiri wina wa Chisilamu, Ismail al-Jazari, yemwe ankagwira ntchito kunyumba ya mafumu a Artuqid mu mzinda umene lero ukutchedwa Diyarbakir, ku Turkey. M'chaka cha 1206 anamaliza buku lofotokoza makina pafupifupi 50, lokhala ndi zithunzi ndi malangizo oti mmisiri wina angathe kutsata. Asanabwere iye, abale atatu a ku Baghdad otchedwa Banu Musa anali atalemba kale, cha m'ma 850, za zotsekera madzi zodzitsegula ndi kudzitseka zokha. Al-Jazari anatenga nzeru zotere nkuzipereka ku ntchito yosambitsa m'manja mfumu.

Taonani chimodzi mwa zopanga zake. Pamwamba pa beseni panaima mbalame ya pikoko yachitsulo. Mfumu ikakoka kachotsekera ku mchira, madzi ankatuluka kukamwa kwa mbalameyo. Madzi osambawo akamatsikira m'chipinda chobisika kunsi kwa beseni, ankakweza choyandama, choyandamacho nkukankha kamtengo, kachitseko nkutseguka, kachidole ka wantchito nkutulukira katanyamula sopo. Madzi akawonjezereka, choyandama chachiwiri chinkakwera, kachidole kena nkutuluka ndi thawulo. Mwaiona nzeru yake? Chipangizochi chinkadziwa pamene wosambayo wafika poyeza madzi amene wagwiritsa ntchito. Popanda magetsi, popanda batire. Choyandama chimene chimatseka madzi m'thanki ya chimbudzi chogejemula lero chimagwira ntchito mwa njira yomweyo, kungoti ife sitinachipatse ulemu wa pikoko.

Izi zinali zoseweretsa za mafumu. Munthu wamba wa ku Ulaya anapitiriza kutunga pachitsime kwa zaka mazanamazana. Aroma akale anali nayo mipopi yamkuwa, ina inafukulidwa ku Pompeii, yokhala ndi chitsekerero chobowoka pakati chimene ukachitembenuza bowo limalunjika paipi. Vuto la mpopi wotere ndi lakuti umadula madzi mwadzidzidzi, ndipo madzi othamanga akaimitsidwa choncho amagunda paipi ngati nyundo. Mizinda ya ku England itayamba kupopa madzi mwamphamvu m'zaka za m'ma 1800, panafunika mpopi wotseka pang'onopang'ono. M'chaka cha 1845 kampani yosula mkuwa ya Guest and Chrimes, ya ku Rotherham, inatulutsa mpopi wa sikuluwu, umene ukamaupotokola umatsitsa washala mpaka atakhala pa bowo nkulitseka. Ndi womwewu uli panja pa nyumba zathu, womwewu umadontha usiku wonse washala akadyeka, mpaka mayi wa pakhomo aumange ndi lamba wa chubu.

Mlandu waukulu wa dzanja unazengedwa m'chipatala. Ku Vienna General Hospital kunali mawodi awiri ochilirako amayi. Ku wodi ina kunkagwira madokotala ndi ophunzira udokotala, kwinako azamba, ndipo amayi ankafa kwambiri ku wodi ya madokotala kotero kuti ena ankachita kugwada kupempha kuti asawagoneke kumeneko. Dokotala wachinyamata wa ku Hungary, a Ignaz Semmelweis, anavutika nazo mumtima. M'chaka cha 1847 mnzawo, a Jakob Kolletschka, anachekedwa ndi kampeni pong'amba mtembo, nkumwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Apa a Semmelweis anatulukira chinsinsi: madokotala ankachoka kong'amba mitembo nkupita kukagwira amayi oyembekezera ndi manja omwewo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Mu Epulo chaka chimenecho amayi 18 mwa 100 alionse anamwalira mu wodi ija; pofika Juni anali awiri okha mwa 100.

Mukuganiza kuti anawaveka nkhata ya maluwa? Ayi ndithu. Madokotala anzawo anakwiya kumva kuti manja a njonda zophunzira angaphe munthu. A Semmelweis anafera m'chipatala cha amisala mu 1865, dziko lisanavomere. Koma zitadziwika bwino kuti matenda amayenda ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, funso linabwera lokha: kodi dokotala akasamba bwinobwino, nkugwiranso chogwirira chomwe anatsegulira ndi manja akuda, wasamba chiyani? Nchifukwa chake m'zipinda za opaleshoni munabwera mipopi ya chogwirira chachitali chokankha ndi chigongono, ina yokankha ndi bondo, ina yoponda ndi phazi. Mpopi wosakhudza unayambira pamenepo, magetsi asanalowepo nkomwe.

Pali chogwirira china chotchuka cha nthawi yomweyo, ngakhale mlandu wake ndi wosiyana. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala John Snow analondola nyumba za maliro napeza kuti zazungulira mjigo wa pa Broad Street. Anakakamiza akuluakulu a deralo kuzula chogwirira cha mjigowo. Kunena zoona mliri unali utayamba kale kuzilala chifukwa anthu ambiri anali atathawa, ndipo apa cholakwa sichinali chogwirira koma chitsime chimene chinali moyandikana ndi dzenje la zonyansa. Ndaitchula nkhaniyi chifukwa tidzaifuna kutsogoloku: manja oyera sathandiza ngati madziwo ndiwo akudwala.

Mlandu wa kupsa ndi waufupi. Mu 1937 mnyamata wina wa ku Seattle, ku America, Al Moen, ankagwira ganyu m'galaja kuti apeze fizi ya sukulu. Posamba m'manja pa sinki ya zogwirira ziwiri, madzi otentha anabwera mwadzidzidzi nkumuwotcha. Anakhala pansi nkujambula mpopi wa chogwirira chimodzi chosakaniza otentha ndi ozizira. Makampani anamukana, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nkudya mkuwa wonse, mpaka mu 1947 mpamene mpopi wake unayamba kugulitsidwa. Mu 1954 a Alex Manoogian, Mwarmenia wothawira ku America, anatulutsa mpopi wa Delta wokhala ndi kampira kachitsulo kobowolabowola mkati. Zogwirira ziwiri zinasanduka chimodzi. Angerezi okha ndiwo anakakamira mipopi iwiri yotalikirana, wina wowotcha wina wozizira ngati Juni wa ku Dedza, chifukwa madzi awo otentha ankachokera m'thanki ya kudenga ndipo malamulo ankaletsa kuwasakaniza ndi akumwa. Masinki akale a m'nyumba za boma kuno akuchitira umboni za amene anatilamulira.

Tsono kuti chogwirira chotsalacho chichoke panafunika zinthu ziwiri: diso loona dzanja ndi mnofu wotsegula madzi. Zonsezi zinatulukiridwa ndi anthu amene sankaganiza za sinki ngakhale pang'ono.

Diso linayamba ndi a William Herschel, katswiri wa nyenyezi yemwe anatulukira pulaneti ya Uranus. M'chaka cha 1800 anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu kuti kugawike mitundu ya utawaleza, nayeza kutentha kwa mtundu uliwonse. Atasuntha choyezera chawo kupitirira pofiira, pamalo pooneka ngati palibe kanthu, chinakwerabe. Kunali kuwala kumene maso a munthu saona, kumene lero kumatchedwa infrared. Panapita zaka 161 kuti kupezeke kanyali kakang'ono kotulutsa kuwala kumeneku mosadya magetsi ambiri: mu 1961 a James Biard ndi a Gary Pittman a kampani ya Texas Instruments ndiwo anakapeza. Ndi kanyali komweko kali kumphuno kwa rimoti ya wailesi ya kanema. Mukafuna kukaona kakuphethira, lozetsani rimoti ku kamera ya foni nkudina batani; mafoni ambiri amakaonetsa.

Pakhosi pa mpopi wa diso pali kawindo kakuda. Kuseri kwake kuli kanyali kaja ndi kachipangizo kena komva kuwala. Kanyali kamaphethira kosalekeza, kuwala nkumapita m'sinki osabwerera kokwanira. Dzanja likafika pafupi, kuwalako kumagunda khungu nkubwerera, chomvera chija nkuuza kabongo kakang'ono ka magetsi kuti mlendo wafika. Choncho mpopiwu suona munthu monga ena amaopera. Umangomva kuwala kwake komwe kukubwerera.

Mnofu wake ndi koyilo ya waya yomwe ikalandira magetsi imasanduka maginito nkukoka kamsomali. Chochititsa chidwi nchakuti kamsomaliko sikalimbana ndi madzi onse a m'paipi. Kamangotsegula kabowo kakang'ono ngati ka singano, mphamvu ya madzi pamwamba pa kachikopa ka labala nkuchepa, madzi a kunsi nkukankha kachikopako okha nkudutsa. Kabowo kakatsekedwa, madzi omwewo amadzitsekera njira. Mipopi ya batire ili ndi kamaginito kogwira kamsomali pamalo pake, kotero magetsi amafunika kamphindi kotsegula ndi kamphindi kotseka basi, ndipo batire limatha chaka kapena kupitirira. Kampani ya TOTO ya ku Japan inafika poika kagudumu kakang'ono m'njira ya madzi kuti madzi akamadutsa azipanga okha magetsi a diso lija.

Mpopiwu ulibe bambo mmodzi. Makampani ambiri a ku America, Japan ndi Ulaya analembetsa nzeru zawo zosiyanasiyana, ndipo mwa oyamba kugulitsa munali kampani ya Sloan ya ku Chicago, imene mwini wake, a William Sloan, anapanga chogejemulira chopanda thanki mu 1906. Anthu wamba anayamba kukumana nawo kwambiri m'zaka za m'ma 1980, makamaka m'mabwalo a ndege. Eni nyumba anaukonda chifukwa palibe wousiya wotsegula ndipo palibe chogwirira choti anyamata opulupudza athyole. Lamulo la ku America la 1990 loteteza anthu olumala linaukankhanso patsogolo, pakuti linafuna mipopi yotheka kutsegula ndi dzanja limodzi popanda kufinya kapena kupotokola. Kwa gogo wa nyamakazi m'zala, kapena munthu wopanda zala, mpopi umenewu si chionetsero ayi. Kenaka unalowa m'khitchini: mu 2008 Delta inatulutsa wongogunda ndi mkono manja akakhala ndi ufa, mu 2012 Moen inatulutsa wongoubayibitsa.

Apa mpamene otsatsa malonda amalekera nkhani. Ine ndipitiriza pang'ono.

Amati umapulumutsa madzi. Nthawi zina inde. Koma mu 2010 akatswiri awiri, a Bill Gauley ndi a John Koeller, anafalitsa zimene anapeza atayeza madzi m'nyumba ina ya maofesi ku Florida asanaike zipangizo za diso ndi pambuyo pake. Madzi ogwiritsidwa ntchito anakwera m'malo motsika. Mpopi wa diso umatsegula mphamvu yonse nthawi iliyonse, pamene dzanja limatha kutsegula pang'ono. Zimbudzi ndiye zinanyanya: munthu akangosuntha pampando, diso limayesa wanyamuka nkugejemula, kawiri katatu pa ulendo umodzi.

Choopsa chinatulukira m'chipatala momwe nkhani ya ukhondo inayambira. Mu 2011 ofufuza a pa Johns Hopkins Hospital ku Baltimore anafalitsa zimene anapeza atayeza madzi a mipopi 20 ya diso ndi 20 ya zogwirira. Tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, tinapezeka mu theka la madzi oyezedwa a mipopi ya diso, pamene ku mipopi wamba tinapezeka mu 15 mwa 100 alionse. Chifukwa chake chili mkati: mpopi wa diso uli ndi tizigawo tambiri, timphako ndi timalabala momwe madzi ofunda amagona, ndipo mankhwala otsukira mapaipi safikamo bwino. Chipatalacho chinazula mipopi ya diso m'malo a odwala nkubwezeretsa ya zogwirira. Ku Northern Ireland zinafika pa maliro. Pakati pa Disembala 2011 ndi Januwale 2012 makanda anayi obadwa masiku asanakwane anamwalira m'zipatala za ku Londonderry ndi Belfast ndi kachilombo ka Pseudomonas. Ofufuza anakapeza katamanga mudzi m'tizigawo ta kukamwa kwa mipopi, towongola madzi kuti asamwazike, ndipo tizigawo topotanapotana ta mipopi ya diso ndito tinali ndi tambiri. A Snow akanakhalapo akanagwedeza mutu: tayang'anitsitsa dzanja, taiwala madzi.

Palinso nkhani imene imatikhudza ife eni khungu lakuda. Mu 2017 Mnaijeriya wina wogwira ntchito ku Facebook anaonetsa dziko kanema wa kamakina kotulutsa sopo. Dzanja la mzungu likafika, sopo pyoo. Dzanja lakuda likafika, zii. Mwini dzanja lakuda atatenga kapepala koyera nkuika pachikhatho, sopo anatuluka. Anthu anaseka, ena anakwiya, koma chifukwa chake tachiona kale: makinawa amadalira kuwala kobwerera, ndipo chinthu chakuda chimabweza kuwala kochepa. Ngati amisiri anayesera pa manja awo okha poika malire a "dzanja lafika", ndiye kuti enafe tinatsala kunja kwa malirewo. Kamakinako kalibe mtima woti nkudana ndi munthu. Koma m'chipinda momwe anakayesera munalibe munthu wonga ine ndi inu, ndipo chimenecho sindingachitche ngozi. Masensa atsopano ena amayeza mtunda wa dzanja m'malo mwa kuchuluka kwa kuwala, ndipo vutoli limachepa.

Tinene zoona, mpopi wa diso ndi mwana wolera movuta. Umafuna madzi amphamvu nthawi zonse, pakuti kachikopa kaja sikayenda bwino madzi akamabwera mwaulesi. Umafuna madzi opanda mchenga, poti kabowo ka singano sikachedwa kutsekeka. Umafuna batire kapena magetsi, ndi pulambala wodziwa waya. Kumene madzi amabwera pakati pa usiku atasakanizika ndi dothi, ndi magetsi ozimazima, mpopi wotere umasanduka chokongoletsera, pambali pake nkuikapo ndowa ndi kapu.

Komabe funso la a Semmelweis lili ponseponse, ndipo kuno kwathu linayankhidwa mwa njira yathu. M'zaka za m'ma 1980, ku Chiweshe m'dziko la Zimbabwe, Dokotala Jim Watt ndi a Jackson Masawi anakonza chosambira m'manja cha chipanda chopachika, chimene ukachipendeketsa chimatulutsa madzi ochepa okwana kusamba. Chipanda chinasanduka chigubu cha pulasitiki, pambuyo pake panabwera chingwe ndi kamtengo koponda, ndipo nzeruyo inafalikira m'maiko ambiri. Ku Ghana mayi Veronica Bekoe, katswiri wa za m'labotale, anaika mpopi kunsi kwa ndowa yovundikira ndi beseni lolandira madzi akuda, kuti anthu aleke kusambira m'beseni limodzi. Ndowayo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lawo. Ife chigubu choponda chija tinachipatsa dzina loposa onse: mpondagiya. Amene anatcha dzinali anali mlakatuli, ndikumuchitira nsanje.

Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, amisiri owotcherera zitsulo m'misika yathu anapanga zosambira za mapedulo awiri, ina ya madzi ina ya sopo, nkuziika pakhomo la mabanki, matchalitchi ndi masukulu. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, inabwezanso zigubu pakhomo la zimbudzi zambiri za kumudzi.

Kamangidwe kake nkosavuta. Mitengo iwiri ya mphanda, mtanda pamwamba, chigubu cha malita asanu chopachika pa chogwirira chake. Msomali wotenthetsa pamoto umaboola kabowo kamodzi chakumtunda, pafupi ndi chitsekerero. Chingwe chimachoka pakhosi la chigubu kutsikira ku kamtengo kogona pansi. Ukaponda, chigubu chimawerama, madzi nkutuluka kamtsinje kowonda. Ukachotsa phazi, chimadzuka chokha. Pansi pake amakumba kadzenje nkuthiramo miyala kuti pasachite matope. Sopo amamuboola pakati nkumupachika pa chingwe chake, ndipo pamwamba pake amavundikira kachitini kobowola kuti mvula isamusungunule ndiponso mbuzi zisamudye.